Chala Chachisanu pa Paketi ya Mbewu

Mvula yobzalira inagwa pa 26 Novembala ku Itepela. Anthu anabzala. Pofika pa 8 Disembala, minda ya mabanja makumi anayi inali ikadali dothi lokhalokha.

M'mawa wa tsikulo Bambo Rajabo, mlimi wa ana asanu ndi awiri, anafukula phando limodzi. Anatulutsa njere zitatu zoola, zonunkha. Utoto wofiira unawamatirira m'zala. Anafukula phando lachiwiri, chimodzimodzi.

"Atipha," anatero. "Chaka chino atipha."

Onse anagula mbewu imodzi, kwa anyamata a njinga yamoto amene anabwera tsiku la msika. Paketi yake inali yokongola, tisanamizane. Panali chithunzi cha dzanja la mzimayi litagwira chisononkho chonenepa, pamkono pali chibangili chamkuwa ndi chipsera chonga mwezi wongokhala. Dzanja limenelo aliyense ku Itepela ankalidziwa. Linali la Mayi Ednah.

Ndipo mwini dzanja sanabise. Anayenda nayo paketiyo msika wonse akulengeza kuti wajambula ndi mwana wawo Florência, wa sukulu ku Cuamba uja. Anagula mapaketi asanu ndi imodzi. Anzawo poona choncho anagulanso.

Ndiye masana a pa 8 Disembala khamu linafika pakhomo pa Mayi Ednah. Anaphwanya mitsuko, anazula chitseko, mwala wina unawang'amba mayiwo pachipumi. Apolisi a ku Ngauma akanachedwa, bwenzi tikunena za maliro.

Patapita masiku awiri, nthawi ya 9 koloko m'mawa, Inspekita Chabane wa ku Cuamba anakatenga Florência Yesaya pa sukulu ina yophunzitsa luso lokonza zithunzi za malonda. Mtsikanayo anali wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, m'chaka chachiwiri. Anzake anamuonerera pawindo akukwera galimoto.

Ku polisi Chabane anaponya paketi patebulo.

"Wajambula ndani ichi?"

"Ndine, a shefi."

"Zilembo izi pakhoko la chimanga, F.Y., n'zako?"

"N'zanga."

"Ndiye wagwira ntchito yanga yonse. Mbewu mukupakira kuti utoto?"

"Mbewu yanji?"

Chabane anamufotokozera mosanyengerera. Chimanga chofumbwa cha zaka ziwiri, chopakidwa utoto wofiira wa pansi pa nyumba. Mabanja makumi anayi. Amayi ake ali ndi bandeji kumutu, anthu akuwatcha mbava. Florência anagwira m'mphepete mwa tebulo. Analira, kulira kwenikweni, mamina ndi misozi. Atatha anakoka paketi ija n'kuiyang'anitsitsa.

"A shefi, tumani munthu akatenge kope langa lakuda. Lili pansi pa matiresi."

"La chiyani?"

"Chithunzi ichi n'changa, koma pali china chimene si changa."

Kopelo linafika 11 koloko. Linali lonenepa, lothothoka m'makona. Pa sukulupo lamulo linali loti ganizo lililonse, labwino kapena lopusa, lijambulidwe m'kope, palembedwe tsiku, mphunzitsi asaine. Ntchito ya mwezi wa Marichi inali yopanga paketi ya katundu wa ulimi.

Florência anatsegula masamba mmodzimmodzi. Poyamba anajambula dzuwa likutuluka. Pansi anadzilembera yekha kuti aliyense amajambula dzuwa. Anayesa nkhokwe, inaoneka ngati chipewa. Anayesa tambala. Anayesa sitima ya ku Nacala itasenza zisononkho, anzake anamuseka mlungu wathunthu. Masamba makumi atatu, osapeza kanthu.

"Pa Pasaka ndinapita kumudzi," anatero. "Ndinapeza amayi akutonola chimanga. Ndinajambula dzanja lawo kakhumi ndi kanayi. Onani. Werengani zala."

Chabane anawerenga. Zinayi. Tsamba lotsatira, zinayi. Masamba onse, zinayi.

"Chala cholozera chinapita mu 1994. Atangobwera kuchokera ku Malawi, akutsegula munda, khasu linagunda bomba lokwiriridwa. Tsopano werengani papaketi."

Zisanu.

"Mwina unawonjezera wekha pambuyo pake."

Florência anatsegula tsamba la pa 17 Epulo. Pambali pa chithunzi panali mawu a inki yofiira: "Dzanja lopunduka siligulitsa malonda. Wonjezera chala." Pansi pake panali siginecha ya mphunzitsi, Victor Samuele. Pansi penipeni, ndi pensulo, mtsikanayo analemba liwu limodzi: "Ndakana."

"Anandilepheretsa. Anandipatsa 7 pa 20. Fuleshi ya pakompyuta yomwe ndinaperekera ntchito sanandibwezere mpaka lero."

Kenako analoza chala chowonjezeracho ndi nsonga ya pensulo. Chikhadabo chake chinali chong'aluka pakona. Cha chala chapakati chinalinso chong'aluka, pakona pomwepo, mng'alu womwewo.

"Munthuyu sanajambule. Anangodula chala chapakati pakompyuta, n'kuchifupikitsa, n'kuchimata pambali. Ine ulesi wotere sindingachite pa dzanja la amayi anga."

Chabane anagwira ntchito ya upolisi zaka makumi awiri, koma anali asanawerengepo zala pa mlandu. Anatseka kope, nalipanira kukhwapa. Florência anamutsekera ndithu m'chitokosi, poti lamulo silimva misozi.

Nthawi ya 2 koloko Chabane anali kwa Abasi, mwini makina osindikizira kuseri kwa siteshoni, kumene ana a sukulu amasindikizitsa ntchito zawo. Abasi anatsegula kompyuta. Chithunzi cha Florência chinalimo, cha mwezi wa Epulo, cha zala zinayi.

"Cha zala zisanu unachionapo?"

Abasi anayamba kusanja mapepala patebulo.

"Ndikufunsa."

"Anabwera nacho mu Seputembala, a shefi. Amafuna mapaketi zikwi zitatu. Ndinawauza kuti makina anga ndi ang'ono, apite ku Nampula."

"Anabwera ndani?"

"Aphunzitsi a Victor. Amati ndi ntchito ya chionetsero cha sukulu."

Nthawi ya 4 koloko Chabane anapeza Victor Samuele mu ofesi yake. Munthu wake waukhondo, malaya oyera, mafuta onunkhira, Chipwitikizi chothyakuka bwino. Anamulandira Chabane ngati mlamu wake.

"Mtsikana uja? N'zomvetsa chisoni. Waluso, koma wamakani. Ana a kumudzi akaona tauni amasokonezeka."

"Fuleshi yake ili kuti?"

"Ndinamubwezera kalekale."

"Tione kompyuta yanu."

"Inafa. Ili kwa okonza ku Lichinga."

Anayankha mosaphethira. Koma Chabane sankayang'ana nkhope. Tsiku lonse anali akuwerenga zala, ndiye maso ake anangotsikira okha pa manja a mphunzitsiyo. M'mbali mwa zikhadabo munali timizere tofiira, ta utoto umene sopo sautha. Victor anaona kumene maso apita, nalowetsa manja m'matumba.

"Inki yochongera," anatero.

"Chabwino, aphunzitsi. Mubwere ku polisi mawa 8 koloko, mudzangosaina umboni."

Chabane ankadziwa kuti munthuyo sabwera. Anaimbira anzake ku Mandimba, tauni ya kumalire ndi Malawi, nawauza maonekedwe ake. M'mawa mwake, 5 koloko, Victor anakwera chapa, minibasi yoyamba ya ku Mandimba, atanyamula chikwama chimodzi. Kumpando wakumbuyo kunakhala wapolisi wamkazi, Lurdes, atavala chitenje, nkhuku ili pamiyendo.

Anatsika ku Mandimba dzuwa litakwera. Victor sanapite kumalire msanga. Anakhotera kaye kunyumba ina ya malata kuseri kwa chigayo, ya mlamu wake. Dyera lake! Munthu akuthawa, koma akufunabe kukauza anzake kuti asamutse katundu. Lurdes anaika nkhuku pansi n'kuimba foni.

Apolisi atathyola chitseko anapeza matumba makumi awiri a chimanga chofumbwa, migolo iwiri ya utoto wofiira, makina omatira mapaketi, ndi mapaketi opanda kanthu odzaza mabokosi anayi. Anyamata awiri a njinga yamoto aja anawagwira manja ali psuu. Victor anatulukira pawindo lakuseri, nadumphira pa njinga ya kabaza.

"Kumalire! Palasa, ndikupatsa kawiri!"

Wakabazayo anapalasa ndithu, koma pa chikweza tcheni chinadumpha. Lurdes anafika wapansi, wefuwefu, namugwira Victor lamba wa buluku. M'chikwama munali kompyuta ija imene inafa, yamoyo bwinobwino. M'kathumba kam'mbali munali fuleshi yobiriwira yolembedwa F.Y.

"Ndi chithunzi chabe," anatero Victor akumumanga unyolo. "Ine sindinaphe munthu."

"Mukawauze a ku Itepela mu Febuluwale," anayankha Lurdes.

Florência anatuluka m'chitokosi madzulo omwewo. Bwalo linagamula Victor Samuele zaka zisanu ndi zitatu, mlamu wake zisanu ndi chimodzi, anyamata aja zitatu aliyense. Kope lakuda linali umboni woyamba. Woweruza naye anawerenga zala.

Koma chigamulo sichimeretsa chimanga. Florência atafika ku Itepela, mabanja ena anali atayamba kudya kamodzi patsiku. Bambo Rajabo anali atagulitsa njinga ndi mbuzi zonse, ndipo mwana wawo wamng'ono anali kuchipatala, miyendo itatupa. Florência anakumana ndi bambowo panjira, nawapatsa moni. Iwo anangoyang'ana kumbali.

Anapeza amayi ake kumunda akudula mitengo ya chinangwa yobzala. Chipsera chatsopano chinali pachipumi. Anakhala pansi pamzere.

"Tsiku lija pamsika ndinakondwa," anatero Mayi Ednah. "Ndimati mwana wanga wandibwezera chala. Koma pobwerera kunyumba mtima unandiwawa. Ndimati kani dzanja langali limamuchititsa manyazi kwa anzake."

"Amayi, bwanji simunandifunse?"

"Ndikanafunsa bwanji?"

Florência anatulutsa kope, natsegula tsamba la pa 17 Epulo. Anawawerengera mawu ofiira aja, poti iwo sadziwa kuwerenga. Kenako anawawerengera liwu lake lija la pensulo.

Mayi Ednah anapukuta dzanja pachitenje, naliika pachithunzipo. Linakwana ndendende, zinayi pa zinayi. Misozi inadontha pa pepala.

"Ndikanakhulupirira zala zanga zomwe," anatero, "Rajabo bwenzi ali ndi chimanga."