Ng'oma Yosalira

Kaphulusa anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi amalume ake, osula makasu. Mwanayu sankachoka pamoto wa amalumewo. Ankabwerako ali mbuu, ngati wagwera m'phulusa.

Kaphulusa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona za m'bokosi lalikulu.

Bokosilo linali kuntchito kwa amayi ake. Amayiwo ankapukuta magalasi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale.

"Amayi, m'bokosimo muli chiyani?" anafunsa Kaphulusa.

"Muli katundu wa makolo athu," anatero amayi. "Alendo anapita naye kutali kalekale, osapempha. Tsopano wabwerera kwathu."

Tsiku lotsegula bokosi, amayi anamutenga.

"Koma osagwira kanthu," anatero amayi. "Manja kumbuyo!"

Abwana a pamalopo anatsegula bokosi. Anatulutsa chinthu chosema. Chinali ndi mbale ziwiri zamtengo. Mbale iliyonse inali yokuta ndi chikopa. Pachikopa chilichonse panali kamtengo.

M'bokosimo munalinso kapepala. Abwana anawerenga mokweza.

"Ng'oma ya mapasa. Kumeneko akhala akuitchula choncho zaka zana. Mawa anthu abwera kudzaiona."

Kaphulusa anayang'ana. Anayang'ananso. Mtima wake unawawa. Chinthuchi chafika kwawo, koma chafika ndi dzina la eni.

"Amayi, si ng'oma iyi," ananong'ona.

"Iwe, khala chete! Akulankhula akuluakulu."

Koma abwana anali atamva.

"Musiyeni anene. Wati chiyani, mwanangu?"

Kaphulusa anasendera pafupi. Kenako analankhula.

"Pepani, bwana. Ng'oma sikhala ndi kukamwa. Taonani kutsogoloku. Kuli kukamwa, ndipo kwada bii. Ndi mwaye umenewu."

Abwana anawerama. Zoonadi, kunali mwaye.

"Uwu ndi mvukuto," anatero Kaphulusa. "Umauzira moto kuti chitsulo chifiire. Mumagwira timitengoti. Dzanja ili m'mwamba, ili pansi. Ili m'mwamba, ili pansi. Fuu! Fuu!"

Anaonetsa ndi manja ake m'malere. Sanagwire kanthu.

"Wakuphunzitsa ndani?" anafunsa abwana.

"Amalume."

"Kawaitane."

Amalume anabwera ndi zovala zawo zantchito. Anaima pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali. Maso awo analengeza misozi.

"Ndi mvukuto, bwana," anatero amalume. "Wanga uja ndi mdzukulu wa umenewu."

Abwana anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Zaka zana! Anthu ophunzira kudikira kuti ng'oma ilire!"

Onse anaseka. Ngakhale amayi anaseka.

Abwana anachotsa kapepala kakale. Anatenga kapepala katsopano. Anapatsa Kaphulusa cholembera.

"Dzina walibweza ndi iwe. Lemba wekha."

Kaphulusa analemba pang'onopang'ono, lilime lili kunja. MVUKUTO. Zilembo zina zinapendekeka. Abwana anati zikhale choncho.

M'mawa mwake anthu anadzaza chipinda. Ana anawerenga. Akulu anawerenga. "Mvukuto! Mvukuto wathu!"

Bambo wina analoza kapepalako.

"Kodi walemba apa ndani?"

Amayi anasiya kupukuta galasi. Anamukokera Kaphulusa kutsogolo. Analankhula mokweza kuti onse amve.

"Ndi mwana wanga ameneyu."