Mapepala Anayi a Mayi Hyacinth

Wailesi ya m'khitchini itangolengeza kuti obayitsa katemera sadzafunikanso kuyezetsa kachilombo ka korona asanakwere ndege yobwera ku Canada, Curtis Lezama anaika pansi kapu ya tiyi ngati yamuotcha. Mkazi wake Marva ankadyetsa phala Simone, mwana wawo wa chaka ndi miyezi iwiri, koma diso lake linali pa mwamunayo.

"Wamva eti?" anatero Marva. "Mphuno ya amayi ako yapulumuka. Tione tsopano kuti anamizira chiyani."

"Usayambe m'mawa uno."

"Ndayamba liti? Ndikungosangalala nawo."

Kusangalala kwake kuti, mtima wa Marva unali ndi bala. Apongozi ake, Mayi Hyacinth, anapita kwawo ku Trinidad kukadwazika mkulu wawo mliri usanavute, malire n'kuwatsekera komweko. Amuna awo, Bambo Errol, anamwalira ndi matendawo m'chipatala cha ku Toronto kuno iwo kulibe, ndipo phulusa lawo linali m'kabokosi pamwamba pa kabati ya pabalaza. Malire atatsegulidwa, Marva anakonza chipinda kanayi konse. Kanayi konseko Curtis ankabwera ndi mawu omwewo: amayi akana kuyezetsa, akuti kamtengo ka m'mphuno kaja sakafuna. Ndiye munthu angaope kamtengo mpaka osabwera kudzaona mdzukulu? Marva anali atadziyankha kalekale. Iye kwawo kunali ku Jamaica, ndipo ankaona kuti apongozi akewo sanamuwerengerepo chikwatiwire. Pafoni ankangopatsana moni wouma, kenaka aliyense n'kumakankhira foniyo kwa Curtis.

Lachitatu uthenga wa amayi ake unafika pafoni ya Curtis, ndipo Marva anauwerenga foniyo ili patebulo: "Tikiti ndagula ndekha. Loweruka masana."

Kuyambira pamenepo Curtis anasowa pokhala. Galimoto anaitsuka kawiri tsiku limodzi, pabwalo pali matope a chipale chosungunuka. Akakhala pansi, mwendo unkangovina. Lachisanu anafika pakhitchini akusisita m'khosi.

"Bwanji iwe ndi mwana mupite kwa mng'ono wako ku Brampton masiku angapo? Amayi apume kaye."

Marva anatembenuka chipande chili m'manja. "Ndithawe m'nyumba mwanga?"

"Sindinati uthawe."

"Ngati amayi ako sakufuna kuona nkhope yanga, adzandiuze okha. Ndipo ndikachoka muno ndi Simone, Curtis, usadzatiyembekezere Lolemba. Ndatopa kulera mwana amene agogo ake akumunyansidwa."

Curtis anatuluka n'kumenyetsa chitseko, mpaka kabokosi ka pakabati kanachita kugwedezeka. Marva analira atatsamira sinki. Atapukuta misozi, anatsitsa chikwama chachikulu n'kuikamo zovala zake ndi za mwana, kuti zinthu zikavuta asachedwe.

Loweruka anaphika mpunga wosakaniza ndi nandolo ndi nkhuku, mmene apongozi akewo ankaukondera. Anadzitukwana yekha pophikapo, komabe anaphika. Ankangopita pazenera, kubwerera, kupitanso. Cha m'ma 2 koloko galimoto inalowa kuchokera ku bwalo la ndege.

Mayi Hyacinth anali ataonda. Analowa atavala chijasi cha malemu amuna awo chimene Curtis anawatengera, chikwama cham'manja atachipanira m'khwapa. Anayamba ayang'ana kabokosi kaja, kenaka mwana amene anaima atagwira mwendo wa mayi ake.

"Muli bwanji, amake Simone?"

"Ndili bwino, kaya inu amayi. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda." Anakhala kumphepete kwa mpando, manja ali pamaondo. Maso awo sanachoke pa mwanayo. "Kodi ndaloledwa kumunyamula, kapena ndidikire kaye?"

Apa Marva zinamukwana.

"Mwaloledwa? Amayi, musandiseke. Ndinabereka mwanayu ndekhandekha, opanda wondigwira dzanja. Kanayi ndayala bedi lanu. Kanayi mwakana kuyezetsa, ati mukuopa kamtengo. Lero mukufunsa chilolezo kwa ine?"

"Tiyeni tidye kaye, chakudya chizizira," anatero Curtis.

Palibe anamuyang'ana. Mayi Hyacinth anatsegula chikwama chawo pang'onopang'ono, n'kutulutsa mapepala anayi opindidwa bwino. Anawayala patebulo limodzilimodzi, akuwawongola ndi chikhatho.

"Werengani, inu munapita kusukulu."

Marva anawerama. Dzina lawo, chidindo cha chipatala, ndi mawu oti alibe kachilombo. Ogasiti. Okutobala. Disembala. Febuluwale. Inali miyezi yomwe ija ankayala bedi.

"Ine kuopa kamtengo?" anatero mayiwo, akuloza Curtis. "Ndinabereka chimutu ichi popanda mankhwala. Ndinkadzuka m'bandakucha kukaima pamzere pachipatala cha ku San Fernando, akundipisa m'mphuno mpaka misozi. Pepalali limatha mphamvu pakapita masiku atatu, ndiye ndinkagona nditalongeza kale. Kukacha foni ya Curtis: amayi, ndasintha tikiti, Marva akuti musabwere kaye, akuopa kuti mupatsira mwana matenda. Ndimvekere chabwino, nyumba ndi yake. Mapepalawa ndinawasunga kuti tsiku lina mudzaone nokha kuti ndinalibe matenda."

Marva anaweramuka. Anatembenukira mwamuna wake, amene anali ataima pafupi ndi chitseko, makiyi a galimoto akadali m'manja.

"Curtis, ine ndinanena zimenezo?"

Curtis anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudana ndi amayi ako, iwonso akudana nane, iwe uli pakati kumangonyamula mabodza uku ndi uku. Chifukwa chiyani?"

"Unati udzawauza," anatero Curtis motsitsa, misozi ikuyenderera. "Tsiku lija tinakangana, unati amayi akadzangofika udzawauza zonse."

Marva anakumbukira, ndipo anagwira pakamwa. Nthawi imene boma linaletsa misonkhano, Curtis ankazemba Lachisanu lililonse kukasewera madomino m'galaja ya mnzake. Anabwerako ndi chifuwa. Patatha sabata, bambo ake anayamba kubanika. Curtis anamugwadira Marva kuti asadzauze munthu, ndipo iye anasunga. Kamodzi kokha, ali ndi pakati komanso atapsa mtima, anamuopseza. Mawa lake iye anali ataiwala, koma mwamunayo sanaiwale.

"Adzandiuza chiyani?" anafunsa Mayi Hyacinth. "Za madomino?"

Makiyi aja anagwa pansi.

"Bambo ako anandiimbira foni asanawaike pamakina opumira. Ankalankhula liwu limodzi, kupuma, liwu lina. Anati, Hyacinth, mwanayu walakwitsa, koma usakamufunse, adzanena yekha akadzalimba mtima. Ndinakukhululukira maliro asanachitike, Curtis. Ndinkangodikira pakamwa pako." Anagogoda mapepala aja ndi chala. "Koma izi bambo ako sanandipemphe kuti ndikhululuke. Wandimana mdzukulu. Wamusiya mkazi wako akulira yekha ndi khanda, ine ndili moyo, manja ndili nawo."

Curtis anagwada pakapeti akulira ngati mwana. "Pepani amayi. Marva, pepa. Ndinkaopa."

"Tonse tinkaopa nthawi imeneyo," anatero Marva. "Ena sitinaname."

Anapita kuchipinda n'kubwera akukoka chikwama chija. Curtis atachiona anadzuka msangamsanga.

"Chonde usapite."

"Ndani wati ndikupita?" Marva anatsegula chikwamacho, n'kukhuthulira pampando madiresi ake ndi timalaya ta mwana. Chitatsala chopanda kanthu, anachikankhira kumapazi a mwamuna wake. "Ku Brampton kuja unkanditumiza ine, mng'ono wanga ali ndi kachipinda kapansi. Ndimuimbira. Ukakhale kumeneko, uganize bwino. Ukadzabwera, udzayambe waima kutsogolo kwa kabati iyo n'kuwauza bambo ako ndi pakamwa pako, ife tikumva."

Curtis anayang'ana amayi ake, kuyesa kuti amuikira kumbuyo. Mayi Hyacinth anali akuvula chijasi.

"Wamva zimene wanena mwini nyumba," anatero.

Analongeza mwakachetechete. Potuluka, chitseko anachitseka bwinobwino. Galimoto itatuluka pabwalo, akazi awiriwo anatsala okha ndi mwana. Marva anachita manyazi ndi mawu onse oipa amene ananenera mayiwa mumtima. Anawerama, kunyamula Simone, n'kumuika pamiyendo pawo.

Mwanayo anawayang'anitsitsa, kenaka anatambasula kadzanja n'kuwagwira mphuno. Mayi Hyacinth anaseka kwinaku akulira, n'kumukumbatira mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula.

"Akulemera bwanji. Wamulera bwino," anatero. Sananenenso kuti inu. "Bwera ukhale apa, mwana wanga. Undiuze kuyambira tsiku limene anabadwa, usadumphe kanthu."