Mapu Obooka Pakati

Anakumana pasiteji ya basi, pageti la yunivesite, dzuwa likuswa mtengo. Mtsikanayo anali wa chaka choyamba, wophunzira zojambula mapu, ndipo poti sankasiyana ndi chipepala chokulunga kukhwapa, anzake anangomutcha Wamapu. Tsikulo basi zitatu zinamudutsa, iye osadziwa yoti akwere.

"Achemwali, mukaima chonchi mumera mizu," anatero mnyamata wina wovala jekete kutentha konseko. "Mukupita kuti?"

"Kogula mapepala ojambulira."

"Ndiye basi ya chiyani? M'pafupi. Tiyeni, tauni ino ngakhale agalu amandidziwa."

Pafupi pake pamenepo! Anayenda ola lathunthu, mtsikana mpaka matuza kuphazi. Koma Wajekete pakamwa panali pothira shuga, moti pobwerera Wamapu anali ataiwala zoti nsapato ikumuluma.

Ntchito ya kusukulu chaka chimenecho inali yojambula tauni yonse poyenda wapansi, msewu ndi msewu, nyumba ndi nyumba. Wajekete, yemwe ankakonza mafoni pafupi ndi msika, anadzipereka yekha. Loweruka lililonse ankamudikira pageti. Anamuonetsa khonde logulitsira mabuku akale, mlatho wodutsa pamwamba pa njanji, ndi kashopu kena komwe makina a fotokope sankagwira ntchito mpaka mwiniwake atawamenya khofi. Mtsikana ankalemba, mnyamata ankanyamula chikwama.

Madzulo foni inkangoti ngwe.

"Duwa langa, wafika bwino? Misewu yonse ya tauni ino imathera kwa iwe."

"Iwenso nde bodza," ankayankha Wamapu, uku akumwetulira yekha ngati wopenga.

"Ndikulumbira. Ndiwe wekha, ndipo ukamaliza sukulu sindikuyang'ananso kwina."

Abale inu, mawu omwewo mtsikana anawakopera kuseri kwa kope lake!

Chinthu chimodzi chokha n'chomwe chinkamutopetsa. Kuchoka pa positi ofesi kupita kumsika panali kamsewu kachidule, kodutsa kuseri kwa positiko, denga la msika likuoneka poteropo. Koma akafika pamenepo, Wajekete ankamugwira mkono n'kukhota, ulendo wozungulira kuchipatala, mphindi makumi anayi zathunthu.

"Bwanji osangodutsa apa?"

"Kuli agalu olusa."

"Si unati agalu amakudziwa?"

"Amenewo ndi achilendo."

Sabata ina akuti akukumba ngalande. Sabata inayo akuti kwachuluka akuba. Wamapu atakwiya n'kuima chilili pakati pa msewu, mnyamata anamuyang'ana m'maso n'kunena motsitsa mawu, "Mtima wanga, njira yachidule ndi ya anthu otopetsana. Ine ndimafuna ndiziyenda nawe nthawi yaitali."

Ndani akanalimbanso mtima pamenepo?

Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wosabisa mawu, atamva anangoti mfyuu. "Iwe, miyezi itatu mukuzungulira tauni ngati ogulitsa masache. Kwawo unakafikako?"

"Amakhala ndi amalume ake ovuta."

"Ehe. Ndipo amalumewo amaluma ngati agalu aja?"

"Nsanje basi."

"Chabwino mayi, ine ndatseka pakamwa."

Tsiku lopereka ntchito, aphunzitsi anatambasula mapu a Wamapu pamaso pa kalasi yonse. Anali okongola, inde, koma pakati penipeni panali poyera ngati m'mbale yotsuka.

"Chemwali, apa panagwa bomba?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete.

"Msewu wa kuseri kwa positi uli kuti? Ndikufuna nyumba iliyonse ijambulidwe, ndipo khomo lililonse liyankhe mafunso a pafomu. Pofika Lachisanu. Apo ayi, phunziro lino mudzabwereza chaka chamawa."

Wamapu anatuluka manyazi atamugwira mpaka m'makutu. Analembera Wajekete meseji mwaukali: "Wandichititsa manyazi ndi agalu akowo! Mawa ndikupita ndekha."

Yankho silinachedwe. "Usatero, duwa langa, ndingafe utavulala. Ndikujambulira ineyo."

Pasanathe ola chithunzi chinafika. Koma ndiye kujambula! Mpopi wa madzi pamalo pake, golosale, mtengo wa pakona, ngakhale dzenje loti njinga zizilipewa. Nyumba khumi ndi imodzi, iliyonse ndi mtundu wa chitseko chake.

"Waona mmene amandikondera?" anatero Wamapu, akumuonetsa mnzake uja.

Mnzakeyo anayang'anitsitsa. "Munthu woopa msewu n'kumaudziwa chonchi? Komanso mafomu akuyankhira ndani, chithunzichi? Vala nsapato mawa, tipitire limodzi."

Lachinayi m'mawa analowa mumsewu muja. Galu analipo mmodzi yekha, wokalamba, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Ngalande panalibe. Atsikanawo ankagogoda khomo ndi khomo, akuchonga pa chithunzi chija, ndipo zonse zinkagwirizana bwinobwino mpaka pamene anadutsa mpopi.

"Dikira," anatero mnzake uja. "Pachithunzi, ukachoka pampopi ukufika pagolosale. Nanga iyi?"

Pakati pa mpopi ndi golosale panali nyumba ya chitseko chobiriwira. Pakhonde mayi wachitsikana ankapalasa makina osokera, matewera ali payaniko.

Anawerenganso kuyambira kumayambiriro. Nyumba zinali khumi ndi ziwiri.

Wamapu anayang'ananso chithunzi chija. Munthu wokumbukira dzenje la mumsewu angaiwale bwanji nyumba yathunthu?

"Odi, mayi. Ndife ana a sukulu, tili ndi timafunso pang'ono."

"Fikani, achemwali, khalani pabenchipo," anatero mayiyo mwansangala, akuchotsa ulusi pakamwa. "Koma zamafomu amazitha ndi bambo a kunyumba kuno. Bambo ake! Tabwerani, kwabwera alendo!"

Katani ya pakhomo inasuntha. Anatuluka mwamuna atavala vesiti, khanda lili paphewa, kabotolo ka mkaka kali m'manja. Jekete panalibe, koma nkhope inali yomweyo.

Wajekete anamuzindikira Wamapu. Botolo linatsala pang'ono kugwa.

Wamapu anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Ankafuna kukuwa, ankafuna kumugenda ndi fayilo, ankafuna nthaka ing'ambike. Koma mayi uja anali akumwetulira, wosalakwa, akusuntha nsalu kuti alendo akhale bwino. Mtsikana anangotsegula peni.

"Pakhomo pano mumakhala anthu angati, bambo?"

"A... atatu."

"Inu ndinu ndani pabanja pano?"

Wajekete anasamutsira khanda paphewa lina.

"Iii, mwayamba chibwibwi lero?" anaseka mayiyo. "Ndi amuna anga, achemwali. Chaka chino n'chachinayi."

"Amalume sakhala pano?"

"Amalume ati?"

"Pepani, ndasokoneza ndi khomo lina." Peni inaboola pepala. "Funso lomaliza, bambo. Mumsewu muno muli vuto lililonse? Agalu, akuba?"

"Ayi," anayankha Wajekete, maso ali pansi.

"Kuno n'kwa mtendere," anawonjezera mkazi wake. "Bambo ake, aperekezeni alendowa, angasochere."

"Musavutike, mayi. Asiyeni alere mwana," anatero Wamapu.

Anafika kumsika m'mphindi zisanu zokha. Zisanu! Wamapu anakhala pansi pa masitepe a shopu ina yotseka, ndipo m'pamene misozi inayamba kutsika, ya chisoni ndi ya ukali pamodzi. Miyezi itatu ya matuza, nsapato ziwiri zakutha, kuzungulira kuchipatala ngati wodwala, zonsezo kuti asaone matewera!

Foni inalira. "Duwa langa, si mmene ukuganizira. Ndilole ndikufotokozere Loweruka."

"Ndimuyankhe ine?" anafunsa mnzake uja, akupinda manja a bulauzi.

Wamapu anapukusa mutu. Anathimitsa foni, natambasula mapu pamaondo, n'kuyamba kujambula kabokosi kakang'ono pakati pa mpopi ndi golosale. Mzere unakhota, dontho la msozi linagwera papepala.

"Ndinamukonda, mwali," anatero. "Ndinamukondadi."

"Ndikudziwa," anayankha mnzakeyo, n'kumukumbatira ndi dzanja limodzi, linalo akukoka pepala. "Lira, koma lirira kumbali. Lachisanu ndi mawa."