Mafelemu a Fundi Isaiah

Dzuwa linali litabisala kuseri kwa mapiri a Misuku, nkhungu ikukwera kuchokera m'zigwa. Mackson Sibale anali pakhonde akutsuka maburashi m'chitini cha palafini, mkazi wake Tamara akuanula khofi pathandala. Fungo linayamba madzulo amenewo. Silinali la palafini, silinalinso la makoko a khofi. Linali la dothi lonyowa la pansi kwambiri, lija limamveka okumba manda akatsala pang'ono kumaliza.

Mackson anali wojambula wodziphunzitsa yekha. Kwa zaka makumi awiri ankadyera zikwangwani za magolosale ndi kulemba mayina pa mitanda ya kumanda, kuyambira kale lija anthu asanayambe kusindikiza zonse pamakina. Chaka chimenecho bungwe lina la ku Lilongwe lothandiza aluso linamusankha kuti ajambule nkhope khumi ndi ziwiri za alimi a khofi. Linatumiza penti, nsalu zojambulapo ndi malamulo ake. Aliyense wojambulidwa adinde chala pa fomu yovomereza. Mafelemu bungwe siligula, adziwonere yekha. Zithunzi adzazitenga Lachisanu lomaliza la Julayi.

Alimi anakana. Upereke nkhope, uperekenso chala, zipite kwa anthu osawadziwa? Anavomera ndi Tamara yekha, chifukwa cha chisoni. Poona masiku akutha, Mackson anajambula anthu khumi ndi mmodzi amene iye mwini anawalembera mitanda, poti nkhope zawo ankazikumbukira bwino ndipo wakufa sadandaula. Za mafomu ankati adzadinda zala zake mosinthanitsa.

Munthu mmodzi yekha ndiye anaona zithunzizo: Isaiah, kalipentala wa mabokosi a maliro, amene onse ankamutcha fundi. Anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mafelemu akhoma ulere, bola aikemo yekha chithunzi chilichonse. Tsiku limene fundi anamaliza ndi lomwe fungo lija linayamba.

Kutacha Mackson anatsegula kabati n'kupeza fomu imodzi itadindidwa kale. Chalacho sichinali cha inki koma cha dothi lofiira. Mawa lake anali awiri. Galu analeka kulowa m'nyumba. Masana dzuwa likuswa mtengo, m'chipinda chotseka cha zithunzi munkamveka chifuwa chouma, cha mmodzi wa malemu aja, chimene Mackson anachimva komaliza zaka zinayi zapitazo.

M'mudzi manong'onong'o anayamba. Isaiah sanalembe waganyu ndi mmodzi yemwe, koma khofi m'munda mwake, tsidya la chigwa, ankathyoledwa mzere ndi mzere. Tsiku lina kunabwera mayi Namsukwa, amasiye, ndipo anakana mpando.

"A Sibale, mtanda wa amuna anga munalemba ndinu?"

"Ndine, mama."

"Pamanda palibe. Ndipo dzulo ndawaona eni ake kwa fundi, atasenza dengu. Ndawaitana, sanacheuke."

Mackson anati mwina inali nkhungu. Mayiwo anamuyang'ana m'manja, n'kuchoka osatsanzika.

Pofika Lachitatu la sabata lomaliza mafomu odindidwa anali khumi ndi imodzi. Yotsala inali ya Tamara. Iye anali atayamba kugona masana ngati wakomoka, podzuka n'kumadandaula msana, zikhatho zikumata madzi a khofi wakupsa chonsecho sanatuluke m'nyumba. Chala chake chachikulu chinayamba kufiira, ndipo sopo sankachotsa.

Mackson anatembenuza chithunzi cha malemu amuna a mayi Namsukwa n'kupala vanishi wa felemu ndi mpeni. Pansi pake panatuluka zilembo zoyera: ANAMWALIRA. Anali malembedwe ake. Felemu iliyonse inali mtanda wa mwini nkhopeyo, wozulidwa, wochekedwa bwinobwino. Ya Tamara yokha inali ya matabwa atsopano, ndipo kumbuyo kwake kunalembedwa ndi pensulo deti la Lachisanu.

Mackson anathamangira pamoto ndi chithunzi cha Tamara. Lawi litangonyambita ngodya, Tamara anakuwa m'nyumba, paphewa patatuluka thuza. Anayesa kuzula misomali, Tamara anayamba kukha magazi m'mphuno. Anasiya, n'kutsika chigwa.

Anamupeza Isaiah akupala thabwa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Mackson anagwada, anapempha, analonjeza kuti saulula. Fundi sanasiye kupala.

"Anthu aja munawaitana ndinu, dada. Ine ndangowapatsa ntchito."

"Nanga mkazi wanga? Ali moyo."

"Felemu ija sidziwa dzina. Ikufuna nkhope basi. Imene ipezekemo Lachisanu, mwini wake ndiye apite."

Lachinayi lonse Mackson anakhala m'chipinda chija. Anapaka penti yoyera pankhope ya Tamara n'kuyamba kujambula Isaiah. Penti inkayenderera ngati phala, nkhope ya mkazi wake n'kubwereranso, maso akumuyang'ana. Anayesa katatu. Kenako anaganizira ena: mnzake amene analanda malire a munda, wagolosale amene anamunyoza pagulu. Nkhope zawo ankazidziwa, ndipo dzanja linkafuna. Koma anaika burashi pansi. Kuchipinda china Tamara ankapuma ngati munthu wokwera phiri ndi katundu.

Anamuitana chapansipansi kufunsa kumene kunali galasi lake lometera ndevu. Tamara anayankha ali m'tulo kuti lili pazenera. Mackson analiimika pambali pa chithunzicho, n'kuyang'ana nkhope yake ya ndevu za imvi.

Lachisanu Tamara anadzuka wopepuka, chala chili choyera, koma mwamuna wake sanamupeze. Galimoto ya bungwe inafika chakumasana, yodzaza matope. Mayi amene bungwelo linatuma anayamikira kwambiri. Anati nkhopezo zikuchita ngati zikupuma, makamaka yomalizayo, ya bambo wa ndevu za imvi, ngakhale penti yake inali isanaume. Anaona mafomu, onse khumi ndi awiri odindidwa. Anangodandaula fungo, n'kuuza dalaivala kuti atsegule mawindo.

"Nanga a Sibale ali kuti, mayi? Lamulo likufuna tiwajambule ataima ndi ntchito yawo."

Tamara anali ataima pakhonde. Ankayang'ana tsidya la chigwa, kumene nkhungu inali itangoyera. M'munda mwa fundi munali anthu atawerama pamzere, osayankhulana. Wakumapeto anali wosazolowera ntchitoyo, dengu linkamupendekera, ndipo malaya ake anali ndi madontho a penti.