Khoma la Malume

Ndasankhidwa! M'kalasi mwathu monse ndine ndekha amene ndikupita ku mpikisano waukulu wa masamu. Koma dikirani, ndiyambe poyambira.

Linali Lachitatu madzulo. Amayi ankasita yunifolomu yanga, ine ndili pa tebulo ndi funso lomaliza limene aphunzitsi anatipatsa. Anati amene alipeze ndiye apite. Linali litandizunguza mutu masiku anayi.

"Kagone, iwe," amayi anatero. "Masamuwo sathawa."

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda ka malume, mlongo wawo wa amayi. Anthu amati m'tauni muno simunabadwe mutu ngati wawo. Ali pasukulu ankakonza zolakwa za aphunzitsi awo. Kenako anasiya kugona. Mapepala atawathera anayamba kulemba pakhoma ndi makala, usana ndi usiku, akukangana ndi munthu amene ife sitinkamuona. Mwezi watha anawagoneka kuchipatala cha odwala maganizo. Amayi anapaka laimu khoma lonse n'kukhoma chitseko.

Usiku umenewo sindinapeze tulo. Magetsi anali atazima. Ndiye ndinamva: kwe, kwe, kwe. Kukanda pakhoma. Kusiya. Kuyambanso.

Ndinati ndi khoswe. Koma khoswe sawerenga.

Mawuwo anali apansipansi, osati a mwamuna, osati a mkazi. Ankatchula manambala a funso langa.

Ndinatuluka wopanda nsapato. Chitseko cha malume chinali chotsekula. M'katimo munkanunkha laimu ndi chinyezi. Bedi lopanda matiresi, sutikesi pakona, basi. Munalibe munthu. Koma mawuwo anali pafupi, kuseri kwa khutu langa.

"Ukulowera kolakwika," anatero. "Yambira kumapeto."

Abale, m'mutu mwanga munangoti mbee! Zonse zinayamba kulumikizana zokha, ichi chikukoka icho, icho chikukoka china, dzanja osakwanitsa kutsatira. Chibadwire sindinamvepo kukoma kotere.

Zina sindikukumbuka. Amayi anandipeza kukucha nditaima pa sutikesi, khoma lonse lili bii ndi makala mpaka kudenga, zala zanga zitanyuka. Sanakalipe. Anangokhala pansi pakhomo atagwira pakamwa.

Ndinakopera yankho papepala. Aphunzitsi anawerenga kawiri n'kuvula magalasi. "Njira imeneyi wayiona kuti? M'buku langa mulibe." Anathamanga nalo kwa ahedi, ndipo mawa lake dzina langa linatchulidwa pamaso pa sukulu yonse. Anzanga anandinyamula, nsapato imodzi mpaka kutayika.

Pampopi ndinamva amayi a nyumba yoyandikana ndi yathu akunong'oneza anzawo kuti m'banja mwathu nzeru sizibwera zokha. Nsanje basi.

Lamlungu tinapita kukaona malume. Anenepa, ndipo akuyankhula pang'onopang'ono chifukwa cha mankhwala.

"Kadona kanga kabwera," anatero akumwetulira. "Ukadali kuwerengera zala zakuphazi?"

Ndinawapatsa pepala lija ndisanakhale n'komwe pansi. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kumwetulira kunatha.

"Wagona liti komaliza?"

"Lachiwiri, malume. Koma sindikutopa ngakhale pang'ono, ndipo ndapeza zina zambiri, funso la aphunzitsi lija ndi kachidutswa chabe."

"Amabwerabe?" malume anafunsa.

Amayi anandiyang'ana. Za mawu aja ndinali ndisanawauze.

"Usiku uliwonse," ndinayankha.

Malume anapinda pepalalo kanayi n'kulipereka kwa amayi m'malo mondibwezera. "Mlongo, musachoke pano mwanayu asanaonane ndi adokotala. Mpikisanowo usiyeni upite."

"Malume, mpikisano ndi Lachisanu. Ndipo ndatsala pang'ono kumaliza zonse, wandiuza yekha."

"Wakuuza kuti watsala mzere umodzi?"

Ndinadabwa kuti adziwa bwanji. Ndinagwedeza mutu.

"Inenso anandiuza choncho," anatero. "Ndinali ndi zaka zako."