Manja Osanjenjemera

Tsiku loyamba ntchito, Namawaya anapeza a Katswiri akulimbana ndi kawaya kochepa ngati tsitsi. Dzina la Namawaya anamupatsa ndi anzake kusukulu, poti ankakonda kulumikiza mawaya kuposa kucheza ndi anyamata.

A Katswiri anali munthu wa sayansi ya fizikisi, wa madigiri atatu, ndipo ankapanga kachipangizo kothandiza osamva bwino. Nzeru zinalipo zosefukira, koma manja ankawanjenjemera.

"Tabweretsani ndiyese, bwana," anatero Namawaya.

Anagwira chowotcherera, nadontheza mtovu kamodzi kokha. Kanyali kobiriwira kanayaka.

"Manja amenewa ndakhala ndikuwafunafuna zaka zisanu," anatero a Katswiri motsitsa mawu.

Mwana wa eni ake anamva ngati wafunsiridwa. Ndani akanamva zina?

Sipanathe miyezi iwiri, dzina la "bwana" linatha. Foni inayamba kulira m'mawa uliwonse: "Duwa langa, popanda iwe ndine wailesi yopanda mabatire."

Pa nthawi yopuma, a Katswiri ankakonda kufotokoza mbiri ya kwawo. Agogo awo ankakonza mawotchi, bambo awo mawailesi, ndipo onse manja anayamba kuwanjenjemera asanakwanitse zaka makumi anayi.

"Ndi zakumtundu," ankatero. "Bambo anapulumukira mayi anga. Ankakhala benchi limodzi, bambo akuganiza, mayi akuwotcherera. Ifenso tidzatero, wapamtima. Kachipangizoka kakangotheka, ndikukwatira."

Koma kachipangizo ka a Katswiri kankatheka ngati? Koyamba kankasokosera, kachiwiri kankadya batire, kachitatu kanali kakakulu kuposa khutu. Zaka zitatu zinatha Namawaya atawerama pabenchi, maso akuwawa ndi utsi, msana uli gwa. Kudikira kunamutopetsa kuposa ntchitoyo.

Tsiku lina chowotcherera chinatsetsereka n'kumutentha dzanja lamanja. Kuchipatala anati apume milungu isanu ndi umodzi.

Mlungu woyamba mauthenga ankabwera tsiku ndi tsiku: "Duwa langa, dzanja likupeza bwanji?" Wachiwiri: "Zala zayamba kupindika?" Wachitatu foni inangoti zii.

Zitamukwana, Namawaya anapita kwa mayi a Katswiri, omwe ankamutchula kale kuti mpongozi. Anawapeza pakhonde akupapasa singano yomwe inawagwera.

"Amayi, mwana wanu wasiya kundiyankhula."

Mayiwo anamugwira dzanja lomangidwalo, napuma mozama. Zala zawo zinali ndi zipsera zakale zamoto.

"Anakuuza za ine ndi bambo ake?"

"Anandiuza. Amati munkakondana kwambiri."

"Amanena chiyambi chokha, mwanawe. Bambo ake anandikonda mpaka pamene maso anga anayamba kuchita mdima. Kenako pabenchi panakhala wina, ine n'kulera mwana ndekha. Paja amati make mbuu, mwana mbuu. Kwathu kuno ndi bambo ake mbuu, mwana mbuu."

Namawaya sanalire. Anali atatopa kwambiri moti ngakhale misozi inamukanika.

Milungu itakwana, anamasula bandeji n'kupita kuntchito osauza munthu. Pampando wake panali mtsikana wina, wa maso akuthwa. Kanyali kobiriwira kanali katangoyaka kumene, ndipo a Katswiri anali atawerama pambali pake.

"Manja amenewa ndakhala ndikuwafunafuna..."

Atamuona Namawaya, a Katswiri anaweramuka msanga.

"Duwa langa! Dzanja lapola?"

Namawaya anatambasula zala zonse zisanu pamaso pawo. Sizinagwedezeke n'pang'ono pomwe. Nkhope ya a Katswiri inawala, ndipo kuwalako n'kumene kunamupweteka kuposa zonse.

"Ndiye bwerera pamalo pako, wapamtima. Awa amangogwirizira."

"Chipsereni ine mwakhala mukufunsa za dzanja lokha," anatero Namawaya mosakweza mawu. "Mwini dzanja munamufunsako?"

A Katswiri anaweramitsa mutu. Munthu wa madigiri atatu anangoyang'ana manja ake onjenjemera pathebulo.

Namawaya anatola chowotcherera chake, kapulayazi kogwirira mawaya ndi magalasi, naika m'chikwama. Pakhomo anatembenuka n'kuyang'ana mtsikana uja.

"Achemwali, muzisamala maso," anatero. "Muno amatha msanga."