Msomali wa Pazenera

Foni ya Carlota inayamba kulira yokha Lachiwiri usiku, ili pamsomali wa pazenera pomwe ankaipachika kuti mwana asaifikire. Inalira katatu, pang'onopang'ono, kenako kuwala kofiira kunagwera pakhoma. Pulogalamu yoteteza foni, imene anali atangomuikira kumsika wa Milange, inalemba m'Chipwitikizi kuti munthu wina kudziko lina akugwiritsa ntchito dzina lake.

Lachitatu inaliranso. Kumjigo anthu ankanong'onezana kuti kutsidya kwa malire, ku Muloza, kukuyenda Carlota wachiwiri, nkhope yomweyo koma wopanda chithunzithunzi. Apongozi ake analoza chala Elsa, mng'ono wa Carlota, amene ankakhala nawo n'kumatchajira anthu mafoni ndi magetsi a sola.

"Akugwira foniyo tsiku ndi tsiku ndani? Wagulitsa dzina la mkulu wake ameneyu. Lamlungu lisamupeze pano."

Lachinayi kunali zii. Agalu okha ndiwo ankauwa chakumtsinje. Carlota anagona maso ali pamsomali wopanda kanthu, pakuti foni anaiiwala m'dengu la nyemba pansi pa bedi. Anaganiza mpaka tambala atalira.

Lachisanu kutada anakagogoda kwa apongozi.

"Amayi, bwerani mudzamuone wakubayo."

"Usiku uno? Mwana iwe, zinthuzi saziputa," ananong'ona, koma anabwera, nsalu ili kumutu. Elsa anaima pakhomo.

Carlota anaika foni pansi. Anadikira. Mphepo inkakanda malata, foni ili chete. Anaitola n'kuipachika pamsomali. Mpweya wa anthu atatu unkamveka mumdimamo. Kenako katatu kaja, ndi kufiira kuja pankhope zawo.

"Yesu!" apongozi anabwerera m'mbuyo.

"Musathawe. Onani pamwambapa, dzina la netiweki lasintha. Zenerali layang'ana ku Malawi. Ikakhala apa imakoka ya kutsidya, ndiye chopusachi chimayesa ndawoloka malire. Carlota wa ku Muloza ndine ndemwe, ndili pabedi langa."

"Nanga anthu amene anamuona?"

"Anandiona ine, Loweruka, ndikugula sopo. Chithunzithunzi ndinali nacho, mitambo ndiyo inachuluka."

Anatenga mpeni, anazula msomali uja, n'kuuika m'dzanja la apongozi.

"Nayi mfiti yanu, amayi. Iyi ndiye ichoke Lamlungu lisanafike. Elsa, lowa ugone."